Qui-Gon Jinn akanapanda kufa pa Naboo

Chakumapeto kwa filimu ya Star Wars yotchedwa The Phantom Menace, yomwe inatuluka mu Meyi 1999, ndewu ya pa dziko la Naboo imaima kaye kwa kanthawi. Zitseko zofiira za moto zatsekeka m'kanjira kopapatiza, ndipo zalekanitsa amuna atatu amene akhala akumenyana. Darth Maul, uja wa nkhope yofiira ndi yakuda, watinyanga pamutu, akungozungulirazungulira ngati nyalugwe wotsekeredwa m'khola. Obi-Wan Kenobi watsalira kumbuyo, mtima uli m'mwamba. Pakati pa awiriwa, Qui-Gon Jinn wazimitsa lupanga lake la kuwala, wagwada pansi, watsinzina. Zitseko zija zikatseguka, Qui-Gon amathamangira Maul, koma Obi-Wan amatsekeredwanso atangotsala pang'ono kufika. Amaonerera mphunzitsi wake akubayidwa, iye ali chiimire kuseri kwa moto.

Anthu okonda Star Wars akhala akukangana za mphindi imeneyi kwa zaka zoposa 25. Mkuluyu akanapulumuka, kodi Anakin Skywalker akanasanduka Darth Vader? Ambiri amayankha msanga kuti ayi, n'kuwonjezera kuti ufumu wankhanza wa Palpatine sukanabadwa n'komwe. Ine ndimagwirizana nawo pa gawo loyamba lokha. Qui-Gon akanatha kupulumutsa mwana uja. Zoti akanapulumutsa boma lonse, pamenepo ndiye ndimakayikira kwambiri.

Kwa amene mafilimuwa anawaonera kalekale, tikumbutsane pang'ono. George Lucas anayamba ndi pakati pa nkhani: mafilimu a 1977, 1980 ndi 1983 amakamba za Luke Skywalker, mnyamata wa kumunda amene amadzazindikira kuti Darth Vader, mdani wake wa chigoba chakuda, ndi bambo ake omubereka. Patapita zaka 16, Lucas anabwerera kuchiyambi kuti afotokoze mmene bamboyo anagwera. Apa m'pamene timakumana ndi Qui-Gon, yemwe anaseweredwa ndi Liam Neeson. Iye ndi mmodzi wa a Jedi, gulu la alonda a mtendere amene amagwiritsa ntchito mphamvu yosaoneka yotchedwa Force. Chombo chake chitawonongeka, amatera pa Tatooine, dziko la mchenga wokhawokha, ndipo m'tauni ya Mos Espa amapeza Anakin, kamnyamata ka zaka 9, kapolo wa Watto wogulitsa zitsulo zakale. Akayeza magazi ake, amapeza kuti tizinthu tolumikiza munthu ndi Force tapitirira 20,000, kuposa ngakhale ta Yoda, mkulu wa a Jedi. Mayi ake, Shmi, amanena kuti mwanayu alibe bambo, pathupi panangobwera. Qui-Gon amatsimikiza kuti wapeza wosankhidwa wa mu ulosi wakale, amene adzabweretse Force m'malo mwake. Amabetcherana ndi Watto pa mpikisano wa tizombo tothamanga, Anakin amapambana, ndipo mwanayo amamasulidwa. Mayi ake amatsala.

M'Chichewa tili ndi liwu limene limagwira nkhani yonseyi bwino kuposa mmene Chingerezi chimachitira. Liwulo ndi phungu. Pachinamwali, phungu ndi uja amayenda ndi namwali, kumulangiza, kumuyankhulira, kumuuza zimene sangafunse pagulu. Koma phungu ndi ujanso timamutumiza ku nyumba ya malamulo. Palpatine anali phungu wa dziko la Naboo m'nyumba ya malamulo ya ku Coruscant, likulu la boma ndi la a Jedi. Qui-Gon atafa, anadzakhalanso phungu wa Anakin m'tanthauzo lina lija. Mpando unatsala wopanda munthu, ndipo amene anaukhala ndi mfiti yaikulu ya nkhani yonse, pakuti Palpatine yemweyo ndiye Darth Sidious, mphunzitsi wa Maul komanso mtsogoleri wobisika wa a Sith, adani akale a gulu la Jedi. Atangofika pa Naboo nkhondo itatha, amagwira mwanayo paphewa n'kumuuza kuti aziyang'anira tsogolo lake mwachidwi. Woonera koyamba amangoti ndi ulemu wa andale.

Mwina mungati, nanga Obi-Wan sanalipo? Analipo, ndipo anayesetsa. Koma taonani mmene analandirira ntchitoyo. Anali ndi zaka 25, iyenso akadali wophunzira mpaka tsiku limenelo. Masiku ochepa m'mbuyomo anali atauza Qui-Gon kuti mwanayu ndi woopsa, ndipo akulu onse akuona zimenezo. Anatenga Anakin chifukwa cha lonjezo limene anapereka kwa munthu amene amatsirizika m'manja mwake. Aliyense amene anaonapo nyumba imene makolo amwalira, mwana woyamba n'kutsala akulera azing'ono ake, akudziwa mmene zimakhalira. Achimwene amatha kulipira fizi, kukalipira, ngakhale kufera mng'ono wawo. Koma mng'onoyo akakula pang'ono amayamba kuyeza mapewa, amafuna aoneke kuti waposa, ndipo zakukhosi sapita nazo kwa achimwene. Mu filimu ya 2002, Attack of the Clones, Anakin amanena kuti Obi-Wan ali ngati bambo ake. Mu ya 2005, Revenge of the Sith, pa dziko la chiphalaphala la Mustafar, Obi-Wan akulira amamutcha m'bale wake. Wina amafuna bambo, wina amapereka ubale, ndipo zaka 13 zinatha awiriwa asanamvane pa chimenechi.

Dave Filoni, amene anatsogolera makatuni a The Clone Wars ndipo anagwira ntchito pafupi ndi Lucas, anafotokoza maganizo ofanana ndi amenewa mu 2020, pa pulogalamu ina yokamba za mmene anapangira sewero la pa TV la The Mandalorian. Mfundo yake inali yakuti nyimbo ya John Williams yomwe imalira pa ndewu ija, Duel of the Fates, ikunena za tsogolo la Anakin, ndipo chimene chikulimbiranidwa pamenepo ndi chakuti mwanayu akhala ndi bambo kapena ayi. Mawu amenewa anafala kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri amangowabwereza ngati kuti nkhani yatha. Sinathe.

Choyamba n'chakuti bwalo la akulu a Jedi linali litamukana kale Anakin. Mmodzi wa iwo, Mace Windu, anati wakula kwambiri, popeza a Jedi amatenga ana akadali makanda, asanadziwe nkhope ya mayi. Yoda anaona mantha ambiri mwa iye. Qui-Gon anayankha pomwepo kuti amuphunzitsa yekha, ndipo atakumbutsidwa kuti lamulo sililola ophunzira awiri nthawi imodzi, anati Obi-Wan wakonzeka kukayesedwa. Akuluwo anangoti nkhaniyi idzakambidwa mtsogolo. Chimene chinawafewetsa mtima pambuyo pake ndi maliro, kuwonjezera pa kuuma mutu kwa Obi-Wan, amene anauza Yoda kuti amuphunzitsa mwanayo ngakhale bwalo likane. Ndiye Qui-Gon akanakhala moyo, n'kutheka ndithu kuti yankho likanakhalabe ayi. Munthu wake tikumudziwa. Obi-Wan anamudandaulira kuti akanamatsatira malamulo bwenzi ali kale m'bwalo la akulu, ndipo m'buku la Claudia Gray la 2019, Master & Apprentice, timaona kuti mpandowo anapatsidwapo koma anaukana. Munthu wotere sakanabweza mwana ku Tatooine. Akanatuluka naye m'gululo.

Apa ndiye pali phindu lalikulu limene anthu saliwerengera. Kutuluka m'gulu la Jedi kukanatanthauza kuchoka ku Coruscant, ndipo kuchoka ku Coruscant kukanatanthauza kutalikirana ndi ofesi ya Palpatine. Mfiti ija sinagwetse Anakin tsiku limodzi. Inamuweta zaka 13, kumuyamikira pamene ena akumudzudzula, kumuuza kuti adzaposa a Jedi onse, kumvetsera zimene sakanauza wina aliyense. Chiswe sichigwetsa nyumba ndi phokoso. Kuti zimenezi zitheke pamafunika kuti mwanayo akhale pafupi, ndiponso akhale ndi njala ya mawu abwino. Qui-Gon akanachotsa zonse ziwiri.

Tsopano nkhani ya Shmi, imene kwa ine ndiyo mtima wa zonse. A Jedi anatenga mwana n'kusiya mayi ake mu ukapolo, ndipo kwa zaka 10 palibe amene anabwererako. Si a Jedi okha: ngakhale Padmé Amidala, mfumukazi ya Naboo, amene anadya m'nyumba ya mayiyo ndipo dziko lake linapulumutsidwa ndi mwana wa mayiyo, sitimuona m'mafilimu akutumiza munthu kukamuwombola. Amene anamasula Shmi ndi mlimi wamba, Cliegg Lars, yemwe anamugula kwa Watto n'kumukwatira. Kenako a Tusken, anthu a m'chipululu, anamugwira. Amuna 30 anapita kukamufuna, anabwerako anayi, ndipo Cliegg anataya mwendo. Nthawi yonseyi Anakin amalota mayi ake akuzunzika. Atamuuza Obi-Wan, yankho linali lakuti maloto amatha okha. Pofika pa Tatooine, mwezi unali utatha chigwidwireni mayiyo. Anamwalira m'manja mwake, ndipo usiku womwewo Anakin anapha mudzi wonse, amuna, akazi ndi ana. Kutali ku Coruscant, Yoda akusinkhasinkha, anamva mawu a Qui-Gon akufuula dzina la Anakin kuti aleke.

Chotsani imfa imeneyi, ndipo zambiri za mu filimu ya 2005 zimagwa zokha. Anakin atayamba kulota Padmé, amene anali atamukwatira mobisa, akumwalira pobereka, sanachite mantha chifukwa cha maloto chabe. Anachita mantha chifukwa analotapo kale, anauzidwa kuti adikire, anadikira, ndipo anakaika maliro. Ulendo wachiwiriwu anapita kwa Yoda, amene anamulangiza kuti aphunzire kulekerera chilichonse chimene akuopa kutaya. Malangizowo si oipa, koma kuuza mnyamata amene mkazi wake ali woyembekezera zimenezo n'chimodzimodzi kumutsekera chitseko. Padmé anamufunsa ngati Obi-Wan angawathandize, iye anakana. Anatsala munthu mmodzi womvetsera, ndipo munthuyo anali ndi nthano ya Darth Plagueis, m'Sith amene ankatha kuletsa imfa. Zoti Anakin anapha a Tusken, Palpatine amazidziwa, Obi-Wan ayi. Chinsinsi chikapita kwa ndani, mtima umapitanso komweko.

Kodi Qui-Gon akanabwerera kukatenga Shmi? Ndimakhulupirira kuti inde, koma tisamupake mafuta ambiri. Iye mwini ananena pa tebulo la mayiyo kuti sanabwere kudzamasula akapolo. Watto atakana kubetcha anthu awiri n'kuponya kamwala ka maere kuti kasankhe pakati pa mayi ndi mwana, Qui-Gon anakakankha mobisa ndi Force kuti kagwere mwana. Anayesa kuwombolanso mayiyo, Watto anakana, ndipo iye anapitirira ulendo. Chimene chimandipatsa chikhulupiriro n'chakuti ndi Jedi yekhayo wamkulu amene anaona nkhope ya Shmi, anamufunsa ngati akhala bwino, ndipo amadziwa chimene wang'amba. Kwa akulu a bwalo, mayiyo anali chabe chomangirira chimene mwana ayenera kuiwala. Kwa Qui-Gon anali ngongole.

Zolakwa zake zina n'zoonekeratu. Anasenzetsa mwana wa zaka 9 katundu wa ulosi, n'kumanena mwanayo ali pomwepo. Mwana amene wauzidwa kuti ndiye wosankhidwa savuta kudzikuza, ndipo kudzikuza kwa Anakin sikunayambe ndi Palpatine. Anatayanso Obi-Wan pamaso pa bwalo lonse osamuchenjeza, ngati munthu amene wapeza khasu latsopano. Bala limenelo likanakhalapobe. N'kutheka kuti m'nkhani ina imeneyi, amene akanakula ndi kuwawidwa mtima ndi Obi-Wan. Ndipo pali kanthu kena kamene kamandiseketsa ndikabwereza filimu ya 1999. Pachiyambi penipeni, Obi-Wan amati akumva kuti kwinakwake kutali kuli chinachake choipa chobisika. Qui-Gon amamuuza kuti aleke kuda nkhawa, aike maganizo pa zimene zili pano. Wophunzira ndiye amalondola: amanunkhiza Sidious. Mphunzitsi, amene amatamandidwa kuti amamva Force kuposa anzake, anaima pafupi ndi Palpatine pabwalo lotera zombo ku Coruscant osamva kanthu. Ndiye munthu amene amalangiza kusaganizira za mawa, kodi maloto a Anakin akanawalandira bwanji? Mwina akanawamvera monga mawu a Force. Mwina akanati ndi nkhawa chabe. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa iye mwanayo akanatha kubwereranso kachiwiri n'kunena kuti, aphunzitsi, ndikupita.

Tibwere ku ndale, kumene ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Pamene Qui-Gon amagwada kuseri kwa zitseko zofiira, Palpatine anali atakwera kale makwerero. Ndiye anakonza zoti gulu la amalonda la Trade Federation lizinge dziko lakwawo la Naboo. Ndiye ananong'oneza Padmé kuti apemphe nyumba ya malamulo kuchotsa mtsogoleri wa boma, Valorum, chifukwa chosamukhulupirira. Zimenezi zinachitika Qui-Gon ali moyo, ali mumzinda womwewo. Chisankho chinamukomera Palpatine chifukwa cha chifundo chimene aphungu anali nacho pa Naboo. Lupanga la Maul likanaphonya kapena ayi, mtsogoleri watsopano akanakhala yemweyo.

Chimodzimodzi asilikali. Obi-Wan atafika pa dziko la Kamino mu filimu ya 2002, anauzidwa kuti gulu la nkhondo linaitanitsidwa pafupifupi zaka 10 m'mbuyomo m'dzina la Jedi wina, Sifo-Dyas, ndipo asilikali 200,000 opangidwa kuchokera ku thupi la munthu mmodzi, Jango Fett, anali okonzeka, miliyoni ina ili m'njira. Makatuni a The Clone Wars anadzaonetsa kuti aliyense wa iwo anali ndi kachipangizo m'ubongo komukakamiza kumvera lamulo la nambala 66, lopha a Jedi. Msampha wonsewu sunkafuna Anakin. Palpatine anayambitsa nkhondo imene amalamulira mbali zonse ziwiri, anapatsidwa mphamvu zapadera ndi aphungu okha, anamwaza a Jedi pafupifupi 10,000 m'mayiko osiyanasiyana monga akuluakulu a nkhondo, aliyense atazunguliridwa ndi mfuti zimene tsiku lina zidzamutembenukire. Anakin anali ndiwo yowonjezera. Nsima inali itapsa kale.

Ena amati, koma pajatu Mace Windu anali atamugwetsa Palpatine mu ofesi, lupanga lili pakhosi, ndipo ndi Anakin amene anadula mkono wa Windu. Zoona. Koma Windu anapita ku ofesiko chifukwa Anakin anamuuza kuti Palpatine ndi m'Sith, ndipo Anakin anadziwa chifukwa Palpatine anadziulula dala pofuna kumukola. Popanda Anakin, mfitiyo sikanavula chigoba tsiku limenelo. Ikanadikira, ikanapeza chifukwa china chonenera a Jedi kuti akufuna kulanda boma. Ndipo tinene zoona, a Jedi anayi kulowa mu ofesi ya mtsogoleri wosankhidwa ndi malupanga, mmodzi n'kugamula kuti amuphe popanda mlandu, zimenezo kwa munthu wamba wa ku Coruscant zimaoneka ngati chiyani?

Pali khomo limodzi lokha limene ndimaona kuti Qui-Gon akanalowera m'ndale zimenezi, ndipo khomolo ndi Count Dooku, Jedi amene anagalukira n'kukhala m'Sith, yemwe anaseweredwa ndi Christopher Lee. Dooku anali mphunzitsi wa Qui-Gon, monga Yoda anali mphunzitsi wa Dooku. Atagwira Obi-Wan pa dziko la Geonosis, Dooku ananena kuti akanakonda Qui-Gon akanakhala moyo, ndipo kenako anaulula chinthu choona: nyumba ya malamulo ili m'manja mwa m'Sith wotchedwa Darth Sidious. Obi-Wan sanakhulupirire. Yoda anati mabodza ndiwo khalidwe la Dooku tsopano. Choonadi chinaperekedwa m'mbale zaka zitatu lamulo la 66 lisanaperekedwe, koma chinachokera pakamwa pa mdani, ndiye chinatayidwa. Qui-Gon sakanachitaya. Amamudziwa mkuluyo, amadziwa pamene akunama ndi pamene akunena zoona, ndipo iye mwini anali atakhala kale mbali ya wokanidwa: atabwera kuchokera ku Tatooine n'kunena kuti wamenyana ndi m'Sith, akulu a bwalo anati n'zosatheka, a Sith anatha zaka 1,000 zapitazo.

Kale anthu ankaganiza kuti imfa ya Qui-Gon ndiyo inagwetsa Dooku. Makatuni a Tales of the Jedi a 2022 anasintha chithunzicho. Amaonetsa kuti Dooku anali atayamba kale kugwira ntchito ndi Sidious, anali atafufuta kale Kamino m'nkhokwe ya mabuku a Jedi, Qui-Gon asanapite ku Naboo komaliza. Koma amaonetsanso kuti imfayo inamupweteka, moti anakafunsa Sidious mokwiya, ndipo ndi pomwepo pamene anapha Yaddle, Jedi amene anali atangotula pansi mpando wake m'bwalo la akulu, yemwe anamutsatira n'kumupempha kuti abwerere. Munthuyu anali ndi phazi limodzi m'madzi. Chingwe chomaliza chomukokera kumtunda chinali wophunzira wake. Chingwecho chikanapanda kuduka, sindikunena kuti Dooku akanalapa, koma akanayesa kukopa Qui-Gon, ndipo pokopapo akanalankhula zambiri. Vuto n'lakuti Qui-Gon akanapita ndi uthengawo ku bwalo lomwe lija, mwina ali kale kunja kwa gulu, wodziwika kuti samvera, akulera mwana amene anakanizidwa, atanyamula mawu a munthu wogalukira. Ndani akanamumvera?

Za Luke ndi Leia, mapasa a Anakin ndi Padmé, sindichedwapo. Ena amati sakanabadwa, koma sindikuona chifukwa. Anakin anatumidwa kukalondera Padmé chifukwa Palpatine anapempha kuti ntchitoyo ipatsidwe kwa bwenzi lakale la mayiyo, Obi-Wan, ndipo Qui-Gon akanakhala bwenzi lakale kuposa iye. Chikondi chikanaphuka ndithu. Chikanasowa ndi chinsinsi. Ukwati wa pa Naboo unachitika mobisa, mboni zake maloboti awiri, R2-D2 ndi C-3PO. Kwathu kuno tingati ukwati wopanda ankhoswe: ukavuta, palibe kothawira. Mnyamata woleredwa ndi Qui-Gon, makamaka kunja kwa gulu, sakanakhala ndi chobisa. Mapasa aja akanakulira nyumba imodzi, osati wina pa Tatooine kwa Owen ndi Beru Lars, wina pa Alderaan kwa Bail Organa. Mwina akanakula akuthawa ufumu womwewo, koma bambo awo ali mbali yawo, ndipo Palpatine ali ndi wophunzira wina wocheperapo.

Tsono pali mtengo umene ukanalipiridwa, ndipo umandivuta kuuwerengera. Kumapeto kwa filimu ya 2005, zonse zitagwa, Yoda amauza Obi-Wan kuti bwenzi lakale lapeza njira yokhalabe lokha pambuyo pa imfa, ndipo amuphunzitsa kulankhula nalo. Bwenzilo ndi Qui-Gon. Mu The Clone Wars, m'zigawo zimene zinatuluka mu 2014, mawu ake amaitana Yoda kupita ku dziko la Dagobah, n'kufotokoza kuti sangathe kuonekera ndi thupi chifukwa anafa maphunziro ake asanathe. Kwa ife amene tinakula tikumva kuti agogo amene anatisiya abwera kumaloto kudzanena zakutizakuti, zimenezi sizachilendo. Kwa a Jedi zinali zosamveka. Ankakhulupirira kuti munthu akafa amasungunuka mu Force, basi. Ndiye onani zimene zapachikika pa msomali umenewu. Obi-Wan wokalamba, woseweredwa ndi Alec Guinness, kuzimiririka pamene Vader akumutema mu filimu ya 1977. Mawu amene amauza Luke kuti adalire Force pamene akuwombera Death Star, chombo chachikulu chophulitsa mayiko. Mzimu umene umaonekera pa chipale cha Hoth mu 1980 n'kumutumiza kwa Yoda. Zonsezi ndi maphunziro a Qui-Gon.

Mungati akanakhala moyo akanamaliza maphunzirowo n'kuphunzitsa anzake ali ndi thupi. Mwina. Koma ali moyo ankaonedwa ngati wosokoneza. Yoda, wa zaka zoposa 800, anakhala pansi n'kukhala wophunzira wake pokhapokha mkuluyo atafa ndipo gulu litayamba kugwa. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera; apa anagonera zaka zoposa 10, ndipo wamkulu m'zaka ndi amene anadzamvera wamng'ono.

Kunena zoona, Lucas analibe ufulu womusiya ndi moyo. Mu filimu ya 1980 Obi-Wan amatchula Yoda monga amene anamuphunzitsa, dzina la Qui-Gon osamveka. Mu ya 1983 amavomera kwa Luke kuti anadzitengera yekha ntchito yophunzitsa Anakin, akuganiza kuti angathe ngati Yoda, ndipo analakwitsa. Mawu amenewa anali atajambulidwa kale, ndiye Qui-Gon anabadwa m'nkhaniyi ali ndi tsiku lake. Ena amangoti aphunzitsi m'nthano zotere amafa nthawi zonse kuti wophunzira aime yekha, monga anafera Obi-Wan ndi Yoda pamaso pa Luke. Koma imfa ziwirizo zinabwera Luke atalandirako kanthu, ndipo zinamukuza. Ya Qui-Gon inabwera phunziro loyamba lisanayambe. Iye ndi Anakin anadziwana masiku owerengeka chabe.

Chimene chimanditsimikizira kuti njira yake ikanagwira pa Anakin ndi chimene Luke anadzachita. Yoda ndi Obi-Wan anamuuza kuti Vader ndi wotayika, ayenera kukumana naye n'kumugonjetsa. Luke anakana kupha bambo ake. Pamaso pa Palpatine anataya lupanga pansi, ndipo Vader, poona mwana wake akuzunzidwa, ananyamula mfumuyo n'kuiponya kuphompho. Chomangirira chija chimene bwalo linkachiopa mwa mwana wa zaka 9 ndicho chinamubweza ali ndi zaka 45. Luke sanamuonepo Qui-Gon, koma kusamvera akulu chifukwa choona munthu amene ali patsogolo pako ndi khalidwe lake lenileni. Pakati pa imfa ya pa Naboo ndi tsiku limenelo panadutsa zaka 36, ndipo mkati mwake Alderaan yense anaphulitsidwa.

Thupi la Qui-Gon silinazimiririke ngati la Obi-Wan kapena la Yoda. Linatenthedwa pa Naboo usiku, anthu atazungulira. Pamaliropo Anakin amatembenukira kwa Obi-Wan n'kufunsa kuti nanga iye zimuthera bwanji tsopano. Obi-Wan amayankha kuti bwalo lalola, adzakhala Jedi, akulonjeza. Chapatali pang'ono, Windu ndi Yoda akunong'onezana kuti a Sith amakhala awiri nthawi zonse, mphunzitsi ndi wophunzira, ndipo sakudziwa kuti amene wagonjetsedwayu ndi uti. Kamera imayenda pang'onopang'ono pa nkhope za olira, n'kukaima pa Palpatine, akuyang'ana motowo.